Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Agogo a ku Canterbury ndi Michael Powell

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita, makamaka amayi aja amene munati munalira nane. Inu amene munati ndinathawa banja chifukwa cha mapaundi, yankho lanu lili m'munsimu.

Mukukumbukira kuti nditasiyana ndi bambo a ana anga ndinapeza ntchito yosamalira agogo aamuna ku Canterbury, ku England. Tsiku lomwe uthenga unafika wakuti amayi anzanga andichotsa m'gulu lathu la mapemphero, ndinali kukhitchini kwawo ndikuwakonzera tiyi. Ndinawerenga kawiri. Anthu amene ndinkaphika nawo nsima pamaliro, amene ndinawasungira ana akapita ku shifiti ya usiku, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaimba foni kundifunsa mbali yanga. Ketulo inawira mpaka kuzima yokha, ine chiimire, misozi ikudontha pa epuloni.

Agogo sanandifunse kanthu. Anangoloza mpando, n'kuyatsa kanema.

Filimu yake inali The Red Shoes ya 1948, ya mtsikana wovina. Mitundu yake inali yowala ngati chitenje chatsopano. Itatha, anandiuza za amene anaipanga, Michael Powell, mwana wakwawo komweko, wobadwa mu 1905 ku Bekesbourne, kufupi ndi Canterbury. Iye ndi mnzake Emeric Pressburger, wochokera ku Hungary, ankagwira ntchito limodzi pa dzina loti The Archers, ndipo m'zaka za m'ma 1940 dzina lawo linali pakamwa pa aliyense. The Red Shoes inapata ma Oscar awiri, mphoto zapamwamba za mafilimu.

Kenako mu 1960 Powell anatulutsa Peeping Tom, nkhani ya mnyamata wopha akazi uku akuwajambula ndi kamera. Olemba nyuzipepala anaitukwana koopsa, anati ndi yonyansa. Chaka chomwecho Alfred Hitchcock anatulutsa Psycho, nayonso yakupha, koma iye anakolola ndalama zankhaninkhani. Powell zitseko zinamutsekekera kwawo, mpaka anakapanga mafilimu awiri ku Australia. Filimu imodzi yokha inafufuta zonse zimene anachita zaka makumi atatu.

Apa ndi pamene ndinalira kachiwiri, chifukwa nanenso zaka zonse zimene ndinapirira m'nyumba ija palibe anaziwerengera. Anangoona tsiku limodzi lomwe ndinatuluka ndi chikwama.

Agogo anati ndidikire kaye, nkhani sinathe. Martin Scorsese, wopanga mafilimu wa ku America, amene anakula akuonera mafilimu a Powell, anamufunafuna, ndipo mu 1979 anathandiza kuti Peeping Tom ionetsedwenso ku New York. Lero anthu amaiwerengera m'gulu la mafilimu apamwamba a ku Britain. Mu 1984 Powell anakwatira Thelma Schoonmaker, amene amalumikiza mafilimu a Scorsese, ndipo anamwalira mu 1990 ulemu wake utabwerera. Koma werengani nokha: kuchokera 1960 kufika 1979 ndi zaka 19. Ine zimenezo zinandiopsa kuposa kunditonthoza.

Peeping Tom ndinadzaionera ndekha agogo atamwalira, ndipo kunena zoona ndinachita kuugwira mtima kuti ndiimalize. Si yanga. Koma sindikuona chimene munthu akanamuphera nacho ntchito.

Zaka zinayi zinadutsa. Mwa amayi a gulu la mapemphero aja, mmodzi yekha ndiye anabwera kudzapepesa, atanyamula ufa ndi usipa. Zimene tinakambirana usiku umenewo ndidzakuuzani gawo likubwerali.