Mkwati woyenda chambuyo

Ndikuphunzira za design pa koleji ina ku Braamfontein, mu Johannesburg muno, ndipo chaka chino tinayamba animation. Malume anga, omwe ndimakhala nawo ku Rosettenville, atangomva zimenezi anayamba kulengeza kutchalitchi kuti mphwawo amapanga makatuni a pa TV. Apo n'kuti ine nditangokwanitsa kudumphitsa mpira pa sikirini, ntchito yomwe aliyense amayambira: mpira ukagunda pansi uphwatalale pang'ono, ukamakwera utalike. Basi, luso langa lonse linali lomwelo.

Ndiye kunabwera ukwati wa msuweni wanga. Malume anali ankhoswe, ndipo pa komiti analonjeza kuti pa phwando padzaonetsedwa katuni ya mkwati akuyenda kupita kwa mkwatibwi. Ine sanandifunse. Anangondiuza tikudya nsima.

"Ndi kanthu kakang'ono, mphwanga. Masekondi 30 okha."

Anthu inu, masekondi 30 ndi zithunzi 750, chifukwa sekondi imodzi imadya zithunzi 25. Ndipo palibe chovuta mu animation ngati kuyendetsa munthu. Ife timangoyenda osaganiza, koma kompyuta imafuna uifotokozere zonse: chidendene chikagunda pansi thupi limatsika, mwendo wina ukamadutsa thupi limakwera, mwendo wamanja ukapita kutsogolo mkono wamanzere nawo umapita. Ukaiwala chimodzi, munthu wako amayenda ngati tambala wonyowa. Ndinkaima pa Park Station kuyang'anitsitsa miyendo ya anthu, mpaka mayi wina anakumbatira chikwama chake n'kusintha njira.

Koma miyendo ndinaikonza. Pamenepo musanditsutse. Mkwati wanga anali ndi suti ya buluu, nsapato zosongoka, ndipo ankaponda mwaulemu ngati munthu amene wamaliza kulipira zonse.

Tsono pali chinsinsi chimodzi. Mu After Effects, pulogalamu ya pa kompyuta yomwe ndinkapangira katuniyo, munthuyo sasuntha pamalo. Amangopalasa miyendo pomwepo. Chimene chimayenda ndi zakumbuyo: mitengo, msewu, tchalitchi. Akayang'ana kumanja, zakumbuyo ziyenera kupita kumanzere. Umaika keyframe (chizindikiro chouza kompyuta pamene chinthu chikhale pa nthawi inayake) imodzi poyambira, ina pothera, kompyuta n'kudzaza pakati. Mkwatibwi ndinamumata pa khomo la tchalitchi kuti zonse zibwere limodzi kudzakumana ndi mkwati.

Laputopu yanga, yogula kaunjika m'tauni, sinkatha kuonetsa zonse pamodzi; ukayesa imalira fani n'kuuma. Ndinayamba render, kutanthauza kusandutsa zonse kukhala kanema womaliza, Lachisanu usiku, magetsi anazima, ndinayambiranso mbandakucha. Chimene chinachitikira ma keyframe awiri aja usiku umenewo, ine ndi laputopu sitinagwirizanebe. Inamaliza anthu atavala kale. Ndinaponya pa fulashi n'kuthamangira takisi.

Holo inali ku Turffontein, yodzaza ndi Amalawi, ena atachita kukwera basi kuchokera ku Blantyre kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge. Pakati pa perekaniperekani, malume analanda maikolofoni.

"Zimitsani magetsi! Muone ntchito ya mwana wathu wa ku koleji!"

Chithunzi chinabwera pakhoma. Mkwati ali pambali pa mkwatibwi, onse akumwetulira. Amayi analuluta. Kenako mkwati anayamba kuyenda. Miyendo ikupita kutsogolo bwinobwino, mikono ikusinthana monga ndinaphunzirira, koma munthuyo akutsetsereka chambuyo. Mkwatibwi, ndi maluwa ake m'manja, anayamba kutalikira. Anapita. Tchalitchi chinapita. Mkwati akumwetulirabe, akupondabe mwaulemu, mpaka anatsala yekha pafupi ndi mbuzi yomwe ndinaika koyambirira kwa msewu kuti pazioneka kumudzi. Pamwamba panatsika malemba agolide, mochita kunyezimira: ULENDO WAYAMBA.

Nthungululu zinathera m'khosi. Agogo ake a mkwatibwi anafunsa mokweza, "Kodi akupita kuti ameneyo?" Ankhoswe akuchikazi anayang'ana malume, malume anayang'ana ine, ine ndinayang'ana chingwe cha pulojekita ngati chili ndi mlandu.

Amene anatipulumutsa ndi MC, munthu wosataya mpata. "Abale, mkwati wathawa! Akuchimuna, mum'bweza ndi zingati? Tiyambe ndi ma R20!"

Holo inaphulika. Anthu anadzuka akuvina, ndalama zikugwa m'lichero. DJ anapeza njira yoseweretsa kanemayo mobwerera, ndipo mkwati anabwereradi kwa mkazi wake, kungoti tsopano miyendo ndi imene inkapalasa chambuyo, ngati akuchita kumukoka. Akuchikazi anaseka mpaka misozi, nawonso anafupa kuti athawenso aone. Anathawa n'kubwerera mpaka ma R10 osintha anatha patebulo la makashiya.

Malume anapezanso mawu. Ndinawamva akuuza anzawo panja kuti zinakonzedwa dala, ndi mmene amachitira ku koleji masiku ano. Pa ndalama zonsezo ine ndinalandira mbale ya mpunga ndi khosi la nkhuku.

Tikubwerera, azakhali anandikokera pambali pa geti.

"Iwe, ungapangenso ina? Ya malume akowa."

"Yotani, azakhali?"

"Yomweyo. Koma m'malo mwa tchalitchi uikepo bawa, ndipo ma keyframe akowo usawakonze."