Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Bokosi lakuda la mu boneti

Gawo lapitali ndinakusiyani nditaimika pikapu ija ya Nissan Navara pakhomo ku Chibavi, ana a m'dera lonse akuizungulira, mayi a kunyumba akuwerengera chamumtima ngongole yomwe anatenga ku banki m'khonde kuti tikwanitse mtengo wake. Ndalama zanga zopumira ntchito zinali zitaperewera. Zimenezo muzisunge, chifukwa nkhani ya lero ikafika pothina, mwini mawu sakhala ine.

Miyezi yoyamba galimotoyo inatidyetsa bwino. Lolemba ndi Lachinayi ndinkapita ku Jenda kukanyamula tomato ndi kachewere wa amayi a mumsika, masiku ena nthochi za ku Mpamba, mwa apo ndi apo usipa wa ku Nkhata Bay. Kenako unafika mwezi wa February, 2024.

Tsikulo ndinachoka ku Jenda dzuwa litalowa kale, madengu ali tho kumbuyo, amayi awiri eni katundu ali nane kutsogolo. Amene munadutsako ku Chikangawa nthawi ya dzinja mukuidziwa nkhungu yake, ija yoti ukatambasula dzanja zala osaziona. Tili pakati pa nkhalango, mawayipa anangoyamba kupukuta okha, ine osawakhudza. Ndisanadabwe n'komwe, nyale zonse zinathima. Mdima bii, kutsogolo kukubwera thiraki ya matabwa. Mmodzi mwa amayiwo anangoti, "Yesu wanga!" Nyale zinayakanso patangodutsa kamphindi, koma mtima wanga sunabwerere m'malo mpaka tinafika pa Katoto. Kutacha ndinapeza nyale zikuyakabe mofooka pabwalo, kiyi ali m'thumba la thalauza, batire litatheratu.

Woyamba kufika anali alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, omwe amayendetsa minibasi yopita ku Karonga. Anasuzumira mu boneti osakwana mphindi ziwiri. "Alamu, musadzivutitse. Tidule mawaya a nyale, tikoke waya wathu kuchoka ku batire, tiike switch pa dashibodi. Mawayipa chimodzimodzi. Pofika masana muli pamsewu." Sindinama, ndinatengeka nazo. Koma mayi a kunyumba, omwe ankatsuka mbale chapafupi ngati sakumva, anadzutsa mutu. "Achimwene, galimoto imeneyi ili ndi eni ake 20 ku banki m'khonde. Mukaiwotcha, kokawauza mukapita ndinu." Alamu anatseka boneti mwaulemu.

Tinaikokera kwa madala ena okonza zamagetsi a galimoto ku Luwinga, m'kashedi ka malata. "Monire, adada," anandilandira choncho, chonsecho ine ndi msinkhu wa mwana wawo. Chichewa chawo chinali chothira Chitumbuka, ndipo sankafulumira pa chilichonse, ngakhale kupereka moni.

Bokosi lakuda la mafyuzi la mu boneti, lomwe aliyense ankalilozera chala, iwo anakana kuligwira. Anatchaja batire n'kuliyeza: mavoti 12.6 injini ili chete, pafupifupi 14 italira. Olutaneta, chida chotchaja batire injini ikamalira, analibe mlandu. Anamasula mawaya a earth, aja amalumikiza batire ku thupi la galimoto ndi ku injini, n'kuwapala ndi sandipepa mpaka kuwala. Akuti anaonapo anthu akugula zida zodula pamene vuto linali bawuti imodzi ya dzimbiri. Kenako anachita zomwe ine ndinayesa matsenga. Anaimika mawayipa m'mwamba kuti asakande galasi, anatembenuza kiyi osaliza injini, n'kudina kabatani ka pa chitseko cha dalaivala, kaja kamayatsa nyale ya mkati, ka 10 mofulumira. Anazimitsa, n'kuyatsanso. Hutala inalira kamodzi, pii, ndipo galimoto inayamba kudziyesa yokha, mawayipa, nyale zazing'ono, nyale zazikulu, china pambuyo pa chinzake. Mawayipa anayenda theka n'kuima. Nyale zazikulu zinangophethira. Madalawo anagwedeza mutu ngati sing'anga amene wamva fungo la matenda.

Apa ndi pomwe ndinaphunzira kuti bokosi lakudalo si la mafyuzi wamba ngati la mapikapu akale aja omwe tinakula tikuwaona. Dzina lake ndi IPDM. Mafyuzi ndi marileyi, timaswitch totsegula ndi kutseka magetsi, alimo ndithu, koma pansi pake pali bolodi yokhala ndi kakompyuta. Ukakhudza switch ya nyale, magetsi sachoka pa switch kupita ku babu ayi. Switch imauza bokosi lina la mkati mwa galimoto, BCM, ilo n'kutumiza uthenga pa mawaya awiri opotana omwe amawatchula CAN, ndipo IPDM ikamva ndi pomwe imatsegula rileyi. "BCM ndi mfumu, adada," anatero madalawo. "IPDM ndiye kapitawo wosunga makiyi a nkhokwe." Ndipo kapitawoyo anamulangiza kuti akasiya kumva mawu a mfumu, aziyatsa nyale yekha kiyi akatembenuzidwa, kuopa kuti ungatsale mumdima. Ndiye kuti nyale kuyaka zokha si umboni wakuti bokosi lafa. Mwina waya wa uthenga waduka, mwina khoswe waudya. Anachotsa batire n'kuyeza mawaya awiriwo pa soketi ya pansi pa chiwongolero. Anapeza ma ohm 60, monga zimayenera kukhalira. Njira ya uthenga inali bwinobwino.

Pamenepo ndi pomwe anamasula bokosilo n'kulitembenuza. Madzi anadontha. Mapini a kunsi anali obiriwira ngati ndere za pa mwala wa mu Lunyangwa, ndipo dzimbiri linali litadya timizere ta mkuwa pa bolodi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Adada, injini iyi mumaisambitsa?"

Ndiulule. Kapini kogwira chivindikiro cha bokosilo kanathyoka ndisanathe mwezi ndi galimotoyo, ndipo ndinangomanga ndi mphira ya chubu. Mu January, nditachoka m'matope a ku Mpamba, ndinauza anyamata otsuka magalimoto kuti apopere injini yonse ndi paipi yamphamvu ija mpaka iwale. Mmodzi anakayika, ine n'kumukalipira. Bambo anga anali mphunzitsi wa pulayimale amene ankapukuta nsapato ngakhale popita kudimba, ndipo matenda amenewo ndinatengera. Mvula ya mvumbi ya ku Mzuzu inangomaliza ntchito yomwe ndinaiyamba ndekha.

Kupeza vuto kunatenga tsiku limodzi. Kusankha bokosi lina kunatenga masabata pafupifupi atatu.

Latsopano linalipo, koma lochita kuitanitsa kunja. Kumbukirani kuti mu November 2023 kwacha inali itagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zakunja zinkasowa. Mtengo womwe anandiuza pa foni unali woti ungausinthe mawa lake, ndipo unkaposa phindu langa la miyezi itatu. Ndinathokoza n'kudula foni.

Ndiye ndinayamba kuzungulira mashopu a masipeya m'tauni, bokosi lakale lili m'jumbo ngati mwana wodwala. Pa shopu ina mnyamata anatulutsa lina loyera bwino, lopukutidwa ndi polishi, mtengo wake woti ndikanalipira pompo. "Navara ndi Navara, bwana. Ndi lomwelo." Maonekedwe analidi amodzi, masoketi ofanana. Ndinalijambula n'kuthamangira ku Luwinga nditasangalala. Madalawo sanayang'ane n'komwe kuwala kwake, anangokulitsa chithunzi pa kapepala ka nambala. Manambala a kutsogolo ankafanana ndi athu, koma a pambuyo pa kamzere anali ena. Anandikhazika pa thayala n'kundiphunzitsa. Navara ya mtundu wathu, D40, inkapangidwa m'mafakitale osiyana. Nambala ya chasisi ikayamba ndi VSK, ndiye kuti ndi ya ku Barcelona, ku Spain, monga yathu. Ikayamba ndi MNT, ndi ya ku Thailand, ndipo zida zambiri sizilowana. Komanso pali za dizilo za malita 2.5 ngati yathu, pali za petulo za V6, pali za giya yamanja ndi za otomatiki, zina zili ndi nyale za nkhungu, zina zilibe. Bokosi la galimoto ina lingathe kulowa m'masoketi bwinobwino, injini n'kulira, koma iwe n'kudzazindukira usiku pa Chiweta kuti china sichikugwira. "Chikomekome cha mkuyu, adada." Sanamalize mwambiwo, ndinaumaliza ndekha mumtima. Nditabwerera ku shopu kukafunsa ngati ndingabweze likakanika, mnyamata uja anandilozera chikwangwani cha pakhoma choti zamagetsi sizibwezedwa.

Alamu nawo sanagone. Kudzera mwa anzawo a ku Songwe anapeza munthu wa ku Dar es Salaam amene anatumiza chithunzi pa WhatsApp, akuti ali nalo, nditumize ndalama msanga lisanatengedwe. Nambala yake inkayamba ndi 284B, ngati yathu. Chala changa chinali kale pa foni. Mayi a kunyumba ndi amene anati, "Bambo, kodi madala aja aona?" Ataona, anaseka mpaka kutsokomola. Inali 284B1, ndiye kuti BCM, mfumu ija, pamene ife tinkafuna kapitawo. Chinanso, BCM imayenda limodzi ndi dongosolo lozindikira kiyi, moti kuisintha ndi nkhani ina yofuna makina.

Masiku amenewo pakhomo panali zii. Galimoto ili ku Luwinga, tsiku lobweza ku banki m'khonde likuyandikira, amayi a tomato akuimba foni m'mawa uliwonse. Usiku wina ndinati, "Mayi, tingotenga la pa shopu lija, tikaone kutsogolo." Anakhala chete nthawi yaitali, akusenda nyemba. Kenako anati ndalama yogula kawiri tilibe, ndipo ngati n'kudikira, iwo akapepesa okha kwa anzawo. Anapitadi, ndipo analipira chindapusa chochedwera ndi ndalama zawo za mandasi. Sanandiuze. Ndinadzamva kwa mayi wina patapita miyezi.

Lenileni linapezeka ku Lilongwe. Msuweni wanga anayenda m'malo ophwasulira magalimoto masiku anayi, kapepala ka nambala kali m'manja, mpaka anapeza Navara yomwe inagundidwa kumbuyo, kutsogolo kuli kwabwino. Madalawo anaika malamulo awo. Chithunzi cha nambala ya chasisi: VSK. Chithunzi cha kapepala ka pa bokosi: nambala yonse yofanana, mpaka chilembo chomaliza. Chithunzi cha mapini a kunsi, chojambulidwa padzuwa osati m'chipinda. Bokosi libwere ndi chivindikiro chake, mapini ogwirira ali athunthu. Ndipo wogulitsa avomere kulandira theka, theka linalo likagwira ntchito. Pa mfundo yomalizayi panali kukokana masiku awiri, koma msuweni wanga ndi wa ku Ntcheu, satopa ndi kukambirana mtengo. Linali lodula kuposa la pa shopu lija, komanso lakuda ndi fumbi. Linabwera pa basi ya usiku litakulungidwa m'chitenje chakale, ndipo ndinakalilandira kudepoti m'bandakucha, ndikunjenjemera ndi chisanu.

Kuliika sikunatenge ola. Anachotsa waya wa negative pa batire, anatsuka masoketi a mbali ya galimoto chifukwa nawonso anali atayamba kubiriwira, anadula mapini awiri odyeka n'kuika ena, n'kusamutsa mafyuzi aliyense pa mphamvu yake. Kenako anandipatsa kiyi. "Dinani nokha, adada." Ndinadina kabatani ka pa chitseko ka 10, dzanja likunjenjemera. Hutala inalira. Mawayipa anapita n'kubwera mpaka pansi, nyale zinayaka zonse motsatana. Ndinati "Yewo chomene" mwina kasanu. Iwo anangotola mphira ya chubu ija pansi n'kundiikira m'thumba la malaya, akuti ndikasunge.

Lachinayi lotsatira ndinadzuka 3 koloko, ndinadutsa Chikangawa nyale zikuboola nkhungu, ndinafika pa Jenda kusanache bwino. Madengu a amayi a tomato aja anali atasanjidwa kale m'mbali mwa msewu, koma ankawakweza pa Canter ya munthu wina. Mayi wamkulu wa gulu lija, yemwe anafuula dzina la Yesu usiku uja, anabwera pawindo langa akukonza chitenje. "Pepani bambo," anatero, "tomato sadikira." Za mmene ndinabwerera ku Mzuzu wopanda dengu ndi limodzi lomwe, ndi mmene ndinayambira kunyamula matumba a khofi, ndidzakuuzani m'gawo 18.