Goldfish zosiyana m'damu limodzi

Comet, shubunkin ndi fantail (yonenepa, ya mchira wogawika pawiri) ndi mitundu ya goldfish, nsomba zoweta zokongoletsa; zonse ndi nsomba imodzimodzi, choncho zikakhala m'damu limodzi zimaswana mosasankhana. Kuno ku Zomba zimayamba kuthamangitsana chisanu chikatha, cha mu Seputembala, madzi akafunda kufika madigiri 20.

Chondidandaulitsa n'chakuti comet yaimuna ili ndi liwiro; fantail yaikazi, yonenepa ija, imatopa mpaka kusupuka mamba. Ana ambiri amatuluka a mchira umodzi, odera, ndipo kufiira kumabwera patapita miyezi. Ena safiira n'komwe.

Mukafuna fantail zenizeni, patulani fantail zazimuna ziwiri ndi yaikazi imodzi, muziike pazokha. Zazimuna muzidziwa ndi timadontho toyera m'masaya. Mazira amamatirira ku udzu wa m'madzi. Chotsani makolowo tsiku lomwelo, apo ayi awadya. Amaswa pakadutsa masiku 4 mpaka 7.