Mwana wa Ilala pa Doko la Durban

Ine ndinabadwira ku Nkhotakota, ndiye nkhani ya sitima munthu sangandiphunzitse. Ilala ndinayamba kuikwera ndili kumsana kwa mayi anga. Mbiri yake ndimaidziwa pamtima: anaipanga ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951. Ndimadziwa kuvula nsapato, kupinda buluku, kusenza thumba pamutu n'kulowa m'madzi ofika m'chiuno kuti ndikapeze boti lokatula anthu kusitima. Malamulo amene Ilala inandiphunzitsa ndi atatu basi: lawirira, tenga kamba wako, ndipo katundu wako usasiyane naye.

Mwana wathu wachisamba, amene ndi namwino ku Joni kuno, anatigulira ulendo wa mausiku atatu pasitima yaikulu yochokera ku Durban kupita ku Portuguese Island, kachilumba koyandikana ndi Inhaca ku Mozambique. Anabwera ndi mulu wa mapepala, ena oti timange pazikwama. "Ababa, muwerenge zonsezi, chonde." Ndinamuyankha kuti, "Mwanawe, iwe usanabadwe ine n'kuti nditafika kale ku Chilumba pasitima." Mapepalawo ndinawaika pamwamba pa filiji.

Ndinalongedza ngati munthu wodziwa nyanja. Ufa woyera makilogalamu 5. Usipa umene alamu anabwera nawo pabasi kuchokera kumudzi. Poto, mthiko, chipande, mpeni wodulira tomato, ketulo, nsimbi, komanso kambaula kamagetsi kamene kanatilera pamene tinkakhala m'chipinda chimodzi ku Yeoville. Mayi a ana anaima pakhomo atagwira m'chiuno. "Bambo a ana, mwana wanena kuti chakudya chili momwemo, chalipiridwa kale." Ndinawafunsa ngati akufuna kuti akanditsitse pamachira nditatha masiku atatu osalawa nsima. Mapasipoti athu awiri ndinawakulunga m'sokosi, sokosiyo ndinaiika m'poto, potoyo pansi penipeni pa sutikesi, ufa pamwamba. Wakuba wa ku Joni angakhale wochenjera bwanji, sangaganize zofukula ufa.

Tinayenda usiku wonse pabasi mumsewu wa N3, mtunda wa makilomita oposa 550. Pepala linkati tikafike padoko 11 koloko. Ine ndinalamula kuti 5 koloko m'mawa tikhale tili pageti, kuti tikapeze malo abwino okhala. Doko lake lili ku Point, kufupi ndi uShaka Marine World. Kutacha ndinaona chinyumba choyera cha nsanjika zoposa khumi chitatchinga nyanja, ndipo ndinafunsa mayi a ana ngati sitimayo ili kuseri kwake. Anandiyang'ana mwachifundo. Ilala yathu ya mamita 52 ikanati iyandikire pamenepo, bwenzi anthu akuiyesa boti lopulumutsira anthu limene lagwa m'mbali.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti sitima zoterezi zimafika m'mawa womwewo zitadzaza anthu a ulendo wapitawo. Ayenera kutsika kaye onse, zipinda zikolopedwe, zakudya zilowe, kenako inu. Malo okhala salimbirana, aliyense chipinda chake chinalembedwa kale. Ndiye tinakhala maola asanu ndi limodzi pasutikesi, kutentha kwa Durban kuja kotuluka thukuta ngakhale uli pamthunzi, tikuonerera anzathu akutsika atapsa ndi dzuwa.

Nthawi itakwana, mnyamata wina wovala jekete yonyezimira anangofika n'kugwira sutikesi yanga. "Sawubona, Baba." Ine ndinagwira mbali inayo. Iye akoke, ine ndikoke. Ndinatsala pang'ono kukuwa kuti wakuba pamene mayi a ana ananditsina pamkono. Iwotu mapepala a pafiliji aja anawerenga onse, ndipo anali atamangirira kale kapepala ka dzina langa ndi nambala ya chipinda pachogwirira. Anandifotokozera, mano ali okukuta, kuti zikwama zazikulu zimalowa njira yawoyawo, zikatipeza pakhomo pa chipinda madzulo. Ndinaisiya sutikesi ija ngati ndikusiya mwana kusukulu yogonera konko. Ndinaiperekeza ndi maso mpaka inalowa m'gulu la zinzake.

Mzere unayenda bwino, m'holo muli mphepo yozizira, ndipo mtima unayamba kukhala pansi. Titafika patebulo, mtsikana waulemu anamwetulira n'kupempha matikiti ndi mapasipoti.

"Bambo a ana, tulutsani mapasipoti."

Ndinamva kuzizira kuchokera kuphazi.

"Ali pabwino," ndinatero.

"Pabwino pake pati?"

"M'sokosi."

Mayi a ana anayang'ana mapazi anga. Mtsikana uja nayenso anasuzumira patebulo.

"Osati iyi," ndinanong'ona.

Mtsikanayo sanasiye kumwetulira, koma anatiuza mosapita m'mbali kuti sitimayo ikulowa m'dziko lina, ndipo popanda pasipoti m'manja palibe kukwera. Zikwama zinali kale zikwizikwi, zina zitalowa m'mimba mwa sitima. Analankhula pa wailesi yake ya m'manja n'kutiimika pambali. Tinaima pamenepo kupitirira ola. Mayi a ana sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangoyamba kung'ung'udza nyimbo ya kumaliro, maso ali kudenga, ndipo ine amene ndakhala nawo zaka 30 ndinadziwa kuti maliro ake ndi anga.

Kenako kunabwera bambo wachitetezo kudzafunsa ngati sutikesi yathu ili yofiirira, yomangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga. Ndinavomera monyadira. Anati timutsatire.

Sutikesi ija sinalowe n'komwe musitima. Chikwama chilichonse chimadutsa m'makina ounikira ngati a pabwalo la ndege, ndipo yanga itadutsa anaipatula. Tinaipeza patebulo m'kachipinda, pafupi pake pataima mlonda wa ku Philippines atavala magulovu. Anthu a dziko limenelo ndi ambiri ogwira ntchito m'sitima zimenezi. Anandiuza kuti nditsegule ndekha. Katundu anayamba kutuluka mmodzimmodzi n'kundandalikidwa ngati umboni kupolisi. Mbaula. Nsimbi. Ketulo. Mpeni. Anafotokoza mofatsa kuti panyanja chimene amaopa kwambiri ndi moto, choncho chilichonse chotenthetsa sichiloledwa m'zipinda. Mthiko anaunyamula, anauzunguza, anaupenda kutsogolo ndi kumbuyo, n'kundifunsa ngati chili chida choimbira.

Ndiye linafika phukusi la usipa. Nditangomasula, fungo linadzaza kachipinda konse, mphepo yozizira ija inagonja. Mayi wina wachitetezo anatuluka msangamsanga ngati waitanidwa. Koma mlonda uja anawerama, ananunkhiza, anatsinzina. Anati kwawonso kuli tinsomba totere touma, amakazinga n'kudyera mpunga m'mawa, ndipo watha miyezi yambiri osatiwona. Ndinaganiza kuti ndapeza mbale. M'bale wangayo anapukusa mutu mwachisoni, nati chakudya chosamata kufakitale sichikwera, n'kuika usipa wanga mbali ya zolandidwa. Anandilembera kalisiti koti ndidzatengere zinthu zanga pobwerera.

Pofukula poto, pepala la ufa linang'ambika, ndipo buluku langa lakuda la kutchalitchi linayera mpaka m'mawondo. Koma sokosi inatuluka, mapasipoti ali momwemo. Ndinatembenukira kwa mayi a ana n'kunena chimene mpaka lero ndimaona kuti n'choona: "Mwaona? Pakanapanda mbaula imene munkainyoza ija, bwenzi sutikesi ili kale pansi pa sitima, ife tikubwerera ku Joni." Iwo anati, "Pakanapanda inu, bwenzi ndili kale pa mbale yachiwiri."

Mtsikana wa patebulo analandira mapasipoti ndi zala ziwiri. Anatijambula, n'kutipatsa aliyense khadi lake. Khadi limeneli ndi kiyi wa chipinda, ndi chitupa chotulukira ndi kulowera, ndiponso ndi chikwama cha ndalama, chifukwa m'katimo sagula ndi makobidi. Umalilumikiza ku khadi la kubanki kapena kusiya ndalama pasadakhale, ndipo zakumwa, zithunzi ndi kandalama ka tsiku ndi tsiku kothokozera antchito zimalembedwa pamenepo mwakachetechete. Mthiko ndi chipande anandibwezera, koma sutikesi inali itatengedwa kale, ndiye ndinakwera sitima nditazigwira m'manja. Pakhomo penipeni pamaima wojambula zithunzi. Anatiuza kuti timwetulire.

Za chakudya sindinena zambiri, kupatula kuti ndinafunsa mtengo wa nkhuku katatu kwa anthu atatu osiyana ndisanakhulupirire kuti palibe kulipira. Ndinaunjika mbale ngati chulu. Chipinda chathu chinali cha m'kati, chotsika mtengo, chopanda zenera. Mayi a ana anayang'ana makoma onse anayi, nati, "Paja ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo. Inu mwayesetsa, khomo lilipo."

Kukhuta ndi kutopa zinandigwetsa pabedi. Anthu ankalengeza zinthu pa zokuzira mawu, Chingerezi ndi zilankhulo zina, koma ine ndinali kale ku Nkhotakota. Chimene chinandidzutsa ndi kulira kwa belu: kasanu ndi kawiri mofupikitsa, kamodzi motalika. Mwana wa kunyanja aliyense akamva zimenezo safunsa. M'chipinda chopanda zenera sudziwa ngati kuli usana kapena usiku, ngati uli padoko kapena pakati pa nyanja. Ndinalumpha ndili ndi vesiti, ndinavala jekete yoyandamitsa chotembenuza, mapasipoti ndinawaluma pakamwa poti tsopano ndinali nditaphunzira, n'kuwakoka mayi a ana pamkono ndikufuula kuti, "Yamira! Tiyeni!" Iwo ankayesa kundiuza chinachake koma nthawi yomvera mkazi inali isanakwane.

Tinatsika masitepe ngati mbuzi zothawa fisi. Titatulukira panja tinapeza anthu ataima m'mizere mwadongosolo, ena akunyambita ayisikilimu, antchito akuunika makhadi. Anali maphunziro chabe. Chigubudukireni sitima ya Costa Concordia ku Italy mu 2012, lamulo linakhwima kuti okwera onse asonyezedwe pothawira sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka. Ndinasuzumira pansi. Zingwe zonenepa ngati ntchafu zinali zikadali zomanga padoko, ndipo mnyamata wa jekete yonyezimira uja anali pomwepo akudya buledi. Wantchito wina anandipempha khadi. Ndinamupatsa pasipoti yonyowa ndi malovu. Khadi ndinali nditalisiya m'chipinda.

Chithunzi cha pakhomo chija mayi a ana anachigula, pa khadi langa, ndipo pano chili pabalaza kwa mwana wathu, ine woyera ndi ufa, mthiko uli m'mwamba ngati ndodo ya ufumu.

Tsiku lobwerera ku Durban ndinapita ndi kalisiti kanga. Patebulo panali nsimbi zambirimbiri, maketulo, mabotolo a mowa, moti ndinaona kuti sindinali ndekha. Mbaula yokha ndiyo inali imodzi. Anandipatsa zonse: mbaula, nsimbi, ketulo, mpeni. Nditafunsa za usipa, mlonda wa ku Philippines uja anati malamulo amati zakudya zotere zimatayidwa, pepani kwambiri. Anandigwira chanza ndi manja awiri, akuoneka wathanzi kuposa tsiku lija. Ndinamuyang'anitsitsa pamilomo. Panali ponyezimira.