Mabayiti 6 a ku Rosettenville

Musanamve kwa anyamata a ku Yeoville, kuno ku Joni, omwe akuti ndinafufuta ndalama za maliro, imvani kwa mwiniwake.

Kapulogalamu kanga, kolembedwa m'chinenero cha makompyuta cha C, kankakopera mafayilo pa Linux popanda vuto: open, read, write, close, basi. Atcheya a gulu lathu la maliro atandipempha kuti ndisunge malisiti a zopereka pa flashi, zithunzi za PNG zokhazokha, ndinakasamutsira pa laputopu yawo ya Windows. Ndinasintha open kukhala _open, kompaila, pulogalamu yomasulira zomwe walemba kuti kompyuta imve, sinadandaule.

Ndinadina Enter. Chala chisanachoke pa batani, katha, foda yonse! Amayi msungichuma anaimba nthungululu. Atcheya anatsitsa magalasi n'kuyandikira.

"Achimwene, bwanji fayilo iliyonse ndi mabayiti 6 okha?"

Ndinaimirira, n'kukonza kolala. "Atcheya, imeneyo ndi compression, luso lofinya mafayilo kuti achepe."

Ndiye ndinalalikira. Ndinati ku Sandton anthu amalipira marandi ankhaninkhani pa luso ngati limeneli, ine ndachita ulere chifukwa ndife apachibale. Bambo wina anatenga nambala yanga kuti akapatse mlamu wake. Amayi aja anandiikira ntchafu ya nkhuku yomwe inali ya atcheya, ndipo ndinaidya mwaulemu wonse, mpaka kutafuna fupa.

Kenako kamwana kena kanati titsegule chithunzi chimodzi tione. Sichinatseguke. Chachiwiri chimodzimodzi. M'nyumba munangoti zii.

Tsono mvetserani, chifukwa apa ndiye akundinamizira. Windows, ukapanda kulemba _O_BINARY, mawu oiuza kuti itenge fayilo momwe ilili, imatsegula fayilo ngati kuti ndi zolemba wamba. Fayilo ndi mndandanda wa timanambala totchedwa mabayiti, ndipo ikakumana ndi bayiti yokhala ndi nambala 26, ya Ctrl-Z, imati fayilo yathera pomwepo. Khalidweli inatengera kwa MS-DOS, yomwe inkayendetsa makompyuta Windows isanabwere, nayo inatengera kwa CP/M ya m'zaka za m'ma 1970, ine ndisanabadwe n'komwe. Ndiye mu PNG iliyonse bayiti yachisanu ndi chiwiri ndi 26 yomweyo, anaiikamo dala. Kapulogalamu kanga kanawerenga mabayiti 6, kanaona Ctrl-Z, kanaweruka. Kanamvera lamulo. Pa Linux chinthu chimenechi kulibe, bayiti ndi bayiti. Ndikanalemba bwanji chinthu choti kwathu kulibe?

Kukonza kwake anali mawu amodzi aja. Malisiti sanatayike, ngakhale anyamata aja akufalitsa zoti ndinafufuta ndalama za maliro. Amayi msungichuma anawatumizanso pa WhatsApp limodzilimodzi, pa data yanga. Mlamu uja sanaimbe. Atcheya akuti za ntchafu tidzakambirana pa msonkhano wa mwezi wamawa.