Mapazi a amayi atayamba kuyaka moto pa kemo

Tsiku lomwe ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino ndi lomwe amayi anachoka kubafa mpaka kufika pakhonde patapata imodzi itatsala kumbuyo, iwo osadziwa n'komwe. Ndikuwauza kuti amayi patapata yanu ija, iwo kuyang'ana pansi n'kuyamba kuseka. Ine sindinaseke.

Apa n'kuti ali paulendo wachitatu wolandira dripu ya paclitaxel, amodzi mwa mankhwala opha khansa omwe amati kemo, chifukwa cha khansa ya m'mawere. Tsitsi kuthothoka tinkayembekezera, kusanza tinkayembekezera, koma za mapazi zinatidzidzimutsa. Masana dzanzi lokhalokha kuzala, ukafika usiku ndiye kuyaka ngati aponda makala a pambaula, nthawi zina amati ngati linthumbu likuwayenda, moti ngakhale bulangete likangokhudza zala amakuwa. Kenako zinafika kumanja, mabatani a bulauzi kukanika kumanga, singano osaigwira, munthu woti moyo wake wonse wakhala akusoka.

Azakhali atabwera anangoti basi achemwali mwaponda mankhwala, tiyeni kwa asing'anga. Amayi nawo anatiletsa kuti tisawauze adokotala, eti akamva andisiyitsa kemo ndiye khansa ibwerera. Tinakhala chete masabata angapo ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu pa chimenechi.

Tsiku lina ndinangolankhula ndekha amayi akundiyang'ana ndi diso loipa. Adokotala sanadabwe ngakhale pang'ono. Anati mankhwala ena a kemo akamapha khansa amawononganso mitsempha yomwe imanyamula uthenga wa kukhudza, kutentha ndi ululu kupita ku ubongo, ndipo imayamba kuvutika ndi mitsempha italiitali, n'chifukwa chake zimayambira kuzala za kumapazi kenako kumanja, mbali zonse ziwiri, malo omwe munthu amavala masokosi ndi magolovesi. Pachingerezi amati peripheral neuropathy. Si paclitaxel yekha, palinso vincristine yemwe anthu ambiri a Kaposi sarcoma, khansa ija imaonekera kwambiri pakhungu, kuno kwathu alandirapo, cisplatin yemwe amaperekedwa pa khansa ya khomo la chiberekero, ndi oxaliplatin yemwe ndi wodabwitsa chifukwa munthu akagwira botolo la mufiriji kapena kumwa madzi ozizira amamva ngati wagwidwa ndi magetsi. Cisplatin ndiye ali ndi khalidwe lina loipa, dzanzi limatha kumakulirakulira miyezi ingapo munthu atamaliza kale kemo.

Ndinakawerenganso ndekha, kafukufuku wina wamkulu wa 2014 anapeza kuti pafupifupi anthu 68 pa 100 aliwonse olandira mankhwala ngati amenewa amakhala ndi vutoli mwezi woyamba atamaliza kemo, ndipo pakatha miyezi 6 amatsala nalo pafupifupi 30. Nde si zachilendo ayi, kungoti sitikambirana. Zimanyanya kwa amene ali ndi shuga, omwa mowa kwambiri, amene ali ndi HIV makamaka omwe anamwapo ma ARV akale aja a stavudine, komanso amene ali pa mankhwala a TB a isoniazid. Amayi ali ndi shuga, ndiye mitsempha yawo inali yofooka kale.

Kemo sanaisiye monga amayi ankaopera. Anangochepetsa mlingo wake, ndipo anati imeneyi ndiye njira yeniyeni yotetezera kuti mitsempha isaonongekeretu, chifukwa mankhwala otsimikizika oletsa vutoli lisanayambe kulibe. Panado yemwe tinkawapatsa usiku uliwonse uja tinkangotaya nthawi, ululu wa mitsempha samvera zimenezo kwenikweni. Anawalembera amitriptyline kapiritsi kamodzi pogona, kanathandiza kuti azigona koma kukamwa kumauma ndipo m'mawa amadzuka ngati aledzera kkk, iwo woti sanalawepo mowa. Ena amapatsidwa gabapentin. Amene bungwe la madokotala a khansa ku America, ASCO, limavomereza pa ululu umenewu ndi duloxetine, tinamupeza ku famase patapita nthawi, mtengo wake unatipweteka m'thumba ndithu, ndipo adokotala anasiyitsa kaye amitriptyline uja pang'onopang'ono asanayambe winayu. Chonde musamasakanize nokha mankhwala awa, komanso mavitamini ogula m'misika aja funsani kaye, B6 akachuluka naye amawononga mitsempha yomweyo.

Pano patha miyezi 8 chimalizireni kemo. Kuyaka kwa usiku kunachepa, manja abwerera moti akusokanso ngakhale ulusi ndimawalowetsera ndine, koma zala za kumapazi dzanzi lidakalipo. Pambaula sitiwalola kuwotha mapazi pafupi chifukwa atha kupsa osamva, madzi osamba ndimayesa ndine kaye, mapatapata tinawabisira tinagula nsapato zotseka ndipo amayenda pang'ono madzulo aliwonse kuzungulira nyumba. Akamagona ndimawaunika mapazi ndi tochi ya foni kuona ngati pali bala kapena minga, iwo n'kumadandaula kuti ndawasandutsa khanda.