Boti la mamita 6.50 ndi tulo ta mphindi 20

Mpikisano wa Mini Transat anauyambitsa ndi Bob Salmon wa ku Britain mu 1977, ndipo umachitika kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse. Munthu amawoloka nyanja ya Atlantic ali yekhayekha m'boti la matanga lotalika mamita 6.50, losapitirira mamita 3 m'lifupi. Mu 2021 ndi 2023 maboti ananyamukira ku Les Sables-d'Olonne ku France, n'kukapumira ku Santa Cruz de La Palma pa zilumba za Canary, kenako n'kukathera ku Saint-François ku Guadeloupe. Gawo loyamba linali mamailosi a panyanja pafupifupi 1,350, lachiwiri 2,700, ndipo mailosi imodzi ya panyanja ndi mamita 1,852.

Wongoyamba kuphunzira za mabotiwa maso ake amathamangira ku matanga ndi liwiro. Koma mukafatsa nawo malamulo a mpikisanowu ndi zinthu zimene zimathyoka m'njira, muona kuti kukonzekera konse kwagona pa funso limodzi: kodi botili liyendabe bwino mwini wake ali m'tulo? Gawo lachiwiri limatenga pafupifupi milungu iwiri, ndipo palibe womulandira pa chiwongolero. Foni ndi yoletsedwa, kompyuta yoonetsa mapu ndi yoletsedwanso. Zimene ali nazo ndi mapu a pepala, GPS yongopereka manambala, wailesi ya VHF yofika pafupi, ndi ina yomvera zanyengo kamodzi pa tsiku.

Tulo take ndi ta mphindi 20. Sitima ya katundu yothamanga mamailosi 20 pa ola imadutsa mtunda wa mamailosi pafupifupi 7 m'mphindi zimenezo, choncho ukagona kupitirira apo, imene sinkaoneka n'komwe udzadzuka ili pamphuno. N'chifukwa chake belu lodzutsa limafunika la phokoso loboola khutu, ndipo AIS, kachipangizo kochenjeza za sitima zoyandikira, isazimitsidwe.

Wogwira chiwongolero nthawi yonseyo ndi autopilot, makina owongolera boti okha, ndipo autopilot imadya magetsi. Apa m'pofunika pensulo ndi pepala musanagule kalikonse. Tinene kuti imakoka ma amp 3 mafunde akakula: pa maola 24 ndi ma Ah 72 (Ah ndi ma amp kuchulukitsa ndi maola, muyeso wa magetsi a m'batire). Muwonjezerepo GPS, VHF, AIS, nyale ya pamwamba pa mlongoti ndi zoyezera mphepo, zonse pamodzi amp imodzi ndi theka, ndiye ma Ah 36. Pa tsiku mwadutsa kale 100. Sola ya mawati 100 ikachita bwino imapereka ma Ah pafupifupi 30 pa tsiku, ndipo thanga lalikulu la kutsogolo lija, spinnaker, limaiphimba ndi mthunzi wake. Ambiri amaika masola oti angathe kuwapendeketsa kutsata dzuwa, ena amawonjezera fuel cell, kamakina kopanga magetsi kuchokera ku mafuta a methanol. Mabatire akhale awiri osadalirana, kuti imodzi ikafa ina itsale. Autopilot yapadera ikhalenso ndi waya wake ndi fyuzi yake, chifukwa ziwiri zoyamwa pa waya mmodzi zimafera limodzi.

Chimene chimapha magetsi kawirikawiri ndi mchere. Mkati mwa boti lotere mumakhala chinyontho usana ndi usiku. Waya wa kopa wamba amayamba kubiriwira, kenako amada mpaka mkati mwa chikopa chake, ndipo autopilot imayamba kuzima yokha popanda chooneka. Gwiritsani waya wokutidwa ndi chitsulo cha tini, polumikiza paliponse muvekepo kapaipi ka pulasitiki kofota ndi kutentha kokhala ndi guluu mkati, ndipo waya aliyense mumulembe dzina kumapeto onse awiri. Munthu amene sanagone bwino kwa masiku asanu sangakumbuke kuti waya wofiira wachitatu akupita kuti. Kampasi ya autopilot italikirane ndi zitsulo. Thumba la masipanala likangoikidwa pambali pake, boti limayamba kulowera kwina mwini wake osadziwa.

Ziwongolero n'ziwiri, zopachikidwa kumbuyo, ndipo ndi zimene ine ndimati ziyambe kuonedwa matanga asanaonedwe. Boti likamatsetsereka pa funde ndi spinnaker, mphepo ikawomba mwadzidzidzi, limatembenuka n'kugona chammbali, ndipo mphamvu yonseyo imathera pa timahinji ta chiwongolero. Masulani mabawuti onse. Onani ngati mabowo ayamba kukula ngati dzira m'malo mokhala ozungulira, ndipo mkati mwa boti muikemo chimbale chochirikiza m'malo mwa mawashala okha. Tengani chiwongolero chapadera, ndipo muyesere kuchisintha boti lili pamadzi, chifukwa kulowetsa kachitsulo m'bowo pamene mafunde akukankha si zofanana ndi kuchita zimenezi padoko. Kuyambira 2020 kwabwera vuto lina: anamgumi a mtundu wa orca akhala akuthyola ziwongolero za maboti kufupi ndi gombe la Spain ndi Portugal, momwe mudutsa gawo loyamba. Kufupi ndi Caribbean nako ndere zoyandama za sargassum zimakola ku ziwongolero ndi ku keel, chipsepse cholemera cha pansi pa boti, ndiye pamafunika ndodo kapena chingwe chozichotsera.

Zingwe zimadyeka mwakachetechete. Chokwezera spinnaker chimakhuzika pa kagudumu ka pamwamba pa mlongoti malo amodzimodzi kwa masiku ambiri. Chivekeni chikopa cha ulusi wolimba wa Dyneema pamalopo, chisiyeni chotalikirapo kuti muzidula kumapeto kukayamba kunyenyeka, ndipo pakhale china chapadera chokwezedwa kale. Kukwera mlongoti wa mamita 11 uli wekha pakati pa nyanja ndi ntchito yoti uipewe ukadali kumtunda. Kapini kalikonse ka pa mawaya ogwira mlongoti kapindidwe ndi kukulungidwa tepi, chifukwa kansonga kake kamang'amba thanga.

Za chitetezo malamulo anazimanga kale. Boti likhale ndi thovu louma loyandamitsa lokwana malita 1,200 kuti lisamire ngakhale litadzaza madzi, likhale ndi kachitseko kothawira kumbuyo, ndipo oyang'anira amaligoneka chammbali kuti aone ngati lidzuka lokha. Lamba womangirira munthu ku boti akhale ndi pokoleka kuyambira pakhomo mpaka kutsogolo. Autopilot simadziwa kuti mwini wake wagwera m'madzi, imangopitirira.

Katundu yense, madzi akumwa, chakudya chouma ndi zida, alowe m'matumba okhala ndi manambala, chifukwa amasunthidwa nthawi iliyonse boti likatembenuka: mbali yochokera mphepo, kapena kumbuyo kuti mphuno isalowe m'funde. Madzi okha, mukawerengera malita 3 pa tsiku kwa masiku 20, ndi makilogalamu 60.

Munthu asanaloledwe kunyamuka amayenera kuyenda yekha mamailosi 1,000 osaima, kuwonjezera pa mipikisano ing'onoing'ono. Ulendo umenewu ndi mpata woyesera masamu a magetsi aja. Lembani mphamvu ya batire m'mawa uliwonse dzuwa lisanatuluke, pamene yatsikitsitsa, ndiponso madzulo. Ikamatsika tsiku ndi tsiku osabwerera pomwe inali, wonjezerani sola kapena muchepetse changu cha autopilot, kenako muyesenso kwa masiku atatu otsatizana.